Chiguduli Changa Sichinagone kwa Munthu

"Chiguduli chimene umagulitsirapo chisadzagone kwa mnzako, ngakhale tsiku limodzi." Anandiuza mawu amenewa ndi azakhali anga, tili pa sitesheni ya Balaka, ine nditangotha kumene msinkhu. Ndiwo anandiphunzitsa geni. Tinkagulitsa nthochi ndi mtedza kwa anthu a m'sitima kudzera m'mawindo, ndipo sitima ikapita tinkayala pansi n'kumadikira oyenda pansi. Anati munthu akasomola ulusi umodzi wokha pachiguduli chako n'kupita nawo kwa odziwa zitsamba, ogula amakudutsa ngati chitsa n'kukaima pa iyeyo. Ndinawafunsa ngati anaonapo zikuchitika. Iwo anangoti, "Ukufuna udzaonere pa iwe mwini?"

Sindinafunsenso.

Ku Liwonde ndinabwera ndi ukwati, kuchokera kwathu kwa Nsamala. Bambo a ana anga anali kalipentala. Tsiku lina anakwera sitima kuti akukagula matabwa ku Nayuchi, ndipo matabwawo mpaka lero sanafike. Ndinamva kwa anthu apaulendo kuti ali ndi mkazi wina kumeneko, ndi mbuzi, ndi ana ofanana nawo mphuno. Abale awo onse ankadziwa, ndipo ankabwera kwanga kudzadya osanena kanthu. Ndiye wina akamandiuza kuti ndine wokayikira anthu, ndimangoti inde, ndinachita kuphunzira, ndipo aphunzitsi anga anali ambiri.

Malo anga apamsika sindinapatsidwe ndi munthu. Panali dzala, pafupi ndi chipata, pomwe aliyense ankataya zinyalala. Ndinabwera ndi khasu, ndinakokolola masiku atatu ntchentche zili ng'waa kumaso, ndinathirapo mchenga wa kumtsinje womwe ndinasenza ndekha pamutu. Panali kamtengo ka nimu kowonda ngati ndodo, mbuzi zitakadya masamba. Ndinakatchinga ndi minga, n'kumakathirira madzi otsala m'chigubu changa. Kamtengo kaja kanakula n'kukhala mthunzi umene aliyense wotsika basi amathamangirako, pakuti dzuwa la ku Liwonde silidziwa kuti uyu ndi mlendo. Wochokera ku mlatho, wochokera ku depoti, maso ake ankayamba kugwera pa ine.

Ndinkagulitsa mpunga. Ndinkakaoda kwa Mposa, m'madambo a kufupi ndi Chilwa, kwa banja lina lomwe linkalima faya wonunkhira. Komwe ndinkaoda sindinauzepo munthu. Ndikamapita ndinkanena kuti ndikukaona odwala kwathu, n'kukwera galimoto yolowera ku Balaka, kutsika panjira, kenaka kubwerera. Mpungawo ndinkakapunthitsa kuchigayo nditaima pompo, maso ali pathumba, n'kudzapeta ndekha m'lichero mpaka mankhusu onse atatha. Ena ankaika wonunkhira pamwamba, woswekasweka pansi. Ine ayi. Ndine wovuta, ndikudziwa, koma palibe anathyolapo dzino ndi mwala wa mumpunga wanga. Magalimoto a ku Blantyre ndi ku Lilongwe ankaima chifukwa cha ine, anthu n'kutsika, kutapa pang'ono, kuuzira mpweya m'manja, kununkhiza, n'kugwedeza mutu.

Chiguduli changa chinali cha matumba anayi a feteleza, otumbula n'kusokerera ndi ulusi wofiira. Pakati panali chigamba cha chitenje chabuluu. Thumba limodzi likatha ndinkalichotsa n'kusokapo lina, koma chigamba chija chinkakhalabe. Msika wonse unkachidziwa, monga ine ndinkadziwira cha aliyense. Amayi ena akaweruka ankapinda ziguduli zawo n'kuziunjika pamodzi m'kashedi ka mayi wina wa nyemba, yemwe analinso tcheya wathu. Ine ndinkachikutumula, kuchipinda kanayi, kuchiika pamutu pansi pa dengu, ulendo kunyumba. Zaka zoposa makumi awiri, mvula kaya dzuwa.

Kumanzere kwanga kunkakhala mayi wina wa kwa Chikweo, Msilamu, wogulitsa matemba ndi milamba yowamba. Tinkaitanana kuti achemwali, koma iye akafuna kundiputa ankati alonda. M'mawa uliwonse asanatule n'komwe dengu ankayamba ndi moni wa Chiyao:

"Ajimwiche uli, alonda? Mpunga wagona bwanji, sunabedwe?"

"Wagona bwino. Funsani nsomba zanuzo, zikununkha ngati zinafa chaka chatha."

"Zinafadi. Inu mumafuna ndizigulitsa zamoyo?"

Anali munthu woseka, mano ake oyera ngati mpunga wanga womwe. Ndikafuna kupita kuchimbudzi sindinkanena kuti mundionereko, monga amachitira ena. Ndinkasalaza mulu wa mpunga ndi dzanja, kujambulapo mzere ndi chala, kuvundikira nsalu, n'kunyamula mbale yanga yoyezera. Pobwera ndinkayamba kuona mzere uja. Tsiku lina ndinavundukula nsalu n'kupeza pamwamba pa mzere wanga pali timaenje tiwiri, ngati maso, ndiye mulu wonse ukundisekerera. Amayi onse a mzere wathu anali chete, mapewa okha akugwedezeka. Ine sindinaseke. Ndinati ngati dzanja lafika poika maso, likhozanso kufika potapa. Mayi wa matemba uja anati, "Pepani alonda, ndimafuna mpunga wanu uone dziko." Sindinamuyankhule masiku awiri.

Pamsika pathu panali lamulo losalembedwa paliponse. Chiphaso chimene umadula tsiku ndi tsiku chimangokulola kugulitsa, sichinena kuti ukhale pati. Malo amasungidwa ndi chiguduli. Munthu akadwala, akaferedwa, kapena akapita kukachira, mnzake woyandikana naye amatenga chiguduli chake m'mawa uliwonse n'kuchiyala pamalo pake, n'kutsindirapo miyala inayi. Chimakhala choncho tsiku lonse popanda kanthu pamwamba, anthu akuchilambalala. Madzulo amachipinda. Chikayalidwa, malowo ali ndi mwini, ngakhale mwiniyo atagona m'chipatala miyezi isanu. Koma pakakhala poyera mwezi wathunthu, ndiye kuti mwini wasiya geni, ndipo tcheya amapatsa wina. Chiguduli chake chiyenera kukhala cha mwiniwake chenicheni, chimene anthu akuchidziwa. Ukayala chako, amati ukufuna kuphangira.

Ine sindinayalepo cha munthu. Pamaliro ndinkapita, odwala ndinkakawaona, koma chiguduli cha wina sindinkachikhudza. Ndinkati mawa geni ikamuvuta, adzanena kuti ndi ine.

Ndinavulala m'nyengo yokolola mpunga, kwa Mposa komweko. Wakabaza anali atamanga thumba langa panjinga, tikuyenda pakamzere kopapatiza ka pakati pa minda, iye akukankha, ine ndikugwirira kumbuyo. Pansi panali poterera. Njinga inapendekeka, thumba lonse linagwera pamwendo wanga, ndipo ndinamva kuti thyo! ngati nkhuni youma. Kuchipatala anandimanga chikhakha kuyambira kuphazi mpaka pantchafu, n'kundiuza kuti mafupa a munthu wamkulu sathamanga. Mmenemo ndi mmene msika wonse unadziwira komwe ndinkaoda, chifukwa nkhani ya ngozi imayenda ndi dzina la malo ake.

Mwana wanga wamkazi, yemwe anakwatiwa ku Mangochi, anabwera kudzandisamala. Sabata ziwiri zoyamba ndiye ankapita kukayala chiguduli m'mawa n'kukachitenga madzulo. Ndinkachiyang'ana m'mbali monse akabwera nacho. Kenaka amuna ake anayamba kuimba foni, ana akudwala, ana akujomba kusukulu, ndipo anapita. Anandisiyira ufa, nkhuni, ndi ndowa ziwiri za madzi, n'kupempha mayi woyandikana nane kuti azinditungirako. Chiguduli anachiika kunsi kwa bedi langa.

Patapita masiku anayi, Lachisanu masana, ndinamva mawu kumpanda.

"Odi kuno! Alonda alipo, kapena akuba anawanyamula?"

Anali mayi wa matemba uja, atavala zoyera, akuchokera ku mzikiti. Ndinadzikoka pansi mpaka kuchitseko n'kuchotsa mpiringidzo. Analowa, anakhala pamkeka, anagogoda chikhakha changa ndi chala ngati akusankha chivwende, n'kuseka. Anatulutsa matemba okulunga m'pepala, abwino, osankha, n'kuika pambali panga. Tinafunsana za mwendo, za ana, za kutentha. Kenaka anati:

"Achemwali, ine ndabwerera chiguduli."

Ndinasuzumira kunsi kwa bedi, iye n'kupitiriza:

"Malo aja ali pambalambanda masiku anayi tsopano. Ndinaikapo dengu langa, atcheya anandikalipira kuti ndikufuna malo awiri ngati mwamuna wamitala. Anthu ayamba kale kuzungulirapo. Dzulo kunabwera wina wogulitsa makala, akuyeza ndi mapazi. Mundipatse. M'mawa ndiziyala, madzulo ndizipinda."

"Chizigona kuti?"

"Kwathu, pamodzi ndi changa. Nanga chigone mumtengo?"

"Muzidzatenga kuno m'mawa, madzulo muzidzabweza."

"Iii, alonda! Ine ndimakhala kutsidya kwa mlatho. Miyendo yangayi ndi yakale ngati yanu yomwe, kungoti yanga sinavale simenti. Ndiziyenda ulendo umenewu kawiri patsiku chifukwa cha matumba a feteleza?"

"Basi chisiyeni."

Anandiyang'ana, kuseka kuja kutachoka. "Mukuopa ulusi eti?"

Sindinadziwe kuti akudziwa.

"Zaka zonsezi ndakhala pambali panu. Mwayetsemula kangati? Mwawerama kangati kutola kanthu? Ndikanaufuna ulusi wanu bwenzi nditasoka nawo malaya. Ine ndimaswali, achemwali. Ndikukuuzani pamaso pa Mulungu, ndikufuna ndikusungireni malo, basi."

Mawu ake anali abwino. Koma abale a amuna anga nawonso ankayankhula bwino, akudya ndiwo zanga. Ndinaganiza za chiguduli changa chili m'nyumba ya eni, kutsidya kwa mtsinje, ine ndili gone kuno. Ndinaganiza kuti munthu amene amaswali ali ndi abale amene saswali.

"Iyayi," ndinatero. "Aliyense akudziwa kuti malo aja ndi anga. Dzala lija ndinachotsa ndine. Mtengo uja ndinathirira ndine."

"Mtengo suyankhula, alonda."

Anadzuka, anakonza mpango wake, n'kutuluka. Pakhomo anatembenuka ngati anene kanthu, koma anangoti, "Mulungu akuchizeni." Matemba aja sindinadye. Ndinaponyera mphaka wa oyandikana nawo, n'kumamuyang'anitsitsa masiku atatu. Mphakayo alipo mpaka lero, wonenepa.

Mwendo unatenga miyezi inayi. Atachotsa chikhakha unali woonda ngati wa mwana, ndipo ndinayamba kuyenda ndi ndodo. Kwa Mposa sindikanatha kupita, choncho ndinagula thumba limodzi pachigayo, ndinapeta masiku awiri nditakhala pansi, n'kuitana kabaza. Ndinafika pamsika m'mawa, nthunzi ikadali pamwamba pa Shire, chiguduli chili pamutu.

Pansi pa mtengo wanga panali pepala lalikulu lapulasitiki lobiriwira. Pamwamba pake panali milu itatu ya mpunga. Pambali panakhala mayi wachitsikana, mwana ali kumsana, akuthamangitsa ntchentche ndi kanthambi. Ndinaudziwa ndi fungo lomwe, chifukwa mphuno yanga siinama. Anali faya wa kudambo lomwe lija, wa banja lomwe lija.

Atandiona anagwada. "Mwadzuka bwanji, agogo?"

Ndinamuzindikira. Anali mkazi wa mwana wamwamuna wa mayi wa matemba uja. Ankabwera nthawi zina kudzapereka chakudya kwa apongozi ake. Apongoziwo anali pomwepo kumanzere, akuyala nsomba zawo m'timilu, maso ali pansi.

Sindinakalipe. Ndinatuma wakabaza kuti atule thumba langa pompo, n'kukhalapo, ndipo ndinati sindichoka mpaka atcheya abwere. Anabwera akupukuta m'manja, amayi a mzere wonse akuwatsatira, ena atanyamula malichero awo.

"Mayi, takondwa kuti mwachira," anatero atcheya. "Koma malo ano si munda woti anakusiyirani makolo. Tinadikira mwezi wathunthu pali poyera. Tinaonjezanso sabata chifukwa ndinu akale. Chiguduli chinali kuti?"

"Chinali kunyumba kwanga, komwe chimakhala."

"Ndiye malo anunso ali kunyumba kwanu komweko," anatero mayi wina wa tomato ali kumbuyo kwa anzake. Anthu anaseka, ena akubisa pakamwa ndi chitenje.

Ndinafunsa kuti ndani pano anaona dzala lomwe linali pamalo ano. Ndinayang'ana nkhope imodzi imodzi. Ambiri amene anaona anapita kumanda, ena anabwerera kumidzi. Otsalawo anali ana a dzulo, amene anapeza mtengo uli kale ndi mthunzi n'kumaganiza kuti unabzalidwa ndi boma. Mmodzi yekha ndiye anaona.

"Ndinaona," anatero mayi wa matemba, osadzuka. "Munachotsa ndinu. Ndipo ine ndinabwera kwanu, ndinakupemphani, munandibweza ngati mfiti. Ndikunama?"

"Ndiye mwaikapo mpongozi wanu."

"Pamafuna kukhala wamakala. Mukanakonda fumbi la makala pansomba zanga? Ndinati bola pakhale wathu."

"Wathu ndani?"

"Wanga," anatero.

Mtsikana uja ndiye anayankhula, mawu ali pansipansi. "Agogo, tikhoza kupanikizana. Ndipinda pepalali pakati, inu mukhale mbali ya kuchipata." Amayi ena anang'ung'udza kuti mwanayu ali ndi ulemu, mwanayu analeredwa. Theka la malo anga omwe, kupatsidwa ngati sadaka ndi mwana amene anabadwa mtengowo uli kale ndi nthambi! Ndipo mpunga wanga wa pachigayo ukhale moyandikana ndi faya wake, wogula azinunkhiza uku ndi uku? Ndinati iyayi. Ndinati ndikufuna onse. Atcheya anatambasula manja n'kunena kuti lamulo analipeza, sanalipange ndi iwo, ndipo akaliphwanya lero chifukwa cha ine, mawa aliyense adzabwera ndi nkhani ya mtengo wake.

Anandipatsa malo kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi ngalande yomwe opala nsomba amatayiramo mamba ndi madzi. Ndinayala pamenepo sabata ziwiri. Mpunga umakoka fungo, aliyense wogulitsa akudziwa. Ofika kumeneko anali osochera ndi ofuna chimbudzi. Kuchokera pomwe ndinakhala ndinkauona mtengo wanga pakati pa mabenchi. Tsiku lina kunaima galimoto yoyera imene ndinkaidziwa, ya bambo wina wa ku Blantyre amene anagula kwa ine zaka zambiri, amene ndinkamuikira banyira wodzaza manja awiri, amene ankanditcha amayi anga. Anatsika, anapita pansi pa mtengo, anatapa mpunga, anauzira, ananunkhiza, anagwedeza mutu. Anagula. Ndinadikira kuti ayang'ane uku ndi uku, afunse kuti agogo aja ali kuti. Sanayang'ane n'komwe nkhope ya womugulitsayo. Analowa m'galimoto n'kuwoloka mlatho.

Tsiku limenelo ndinapinda zanga dzuwa likadali pamutu, ndipo sindinapondenso mumsika muja.

Pali funso limene limandivuta mpaka pano. Mayi wa matemba uja anakhala pambali panga zaka zonse zija. Ankandidziwa kuposa mwana wanga. Ankadziwa kuti ndikana. Ndiye kodi anawoloka mlatho Lachisanu lija kudzatengadi chiguduli, kapena kudzatenga kukana kwanga, kuti adzakhale ndi chonena pamaso pa atcheya? Masiku ambiri ndimati anadzatenga kukana. Masiku ena ndimakumbukira mmene anaimira pakhomo paja, ndiye ndimasiya kuganiza, n'kupita kukasesa. Anatumizapo uthenga kawiri kuti akufuna abwere adzandione. Ndinati ndikudwala chifuwa. Sanatumizenso.

Tsopano ndimagulitsa pakhonde. Nyumba yanga ili kuseri kwa njanji, m'kanjira kamene sikapita kulikonse. Ogula ndi oyandikana nawo, mbale imodzi, theka la mbale, ndipo amadandaula kuti kumsika n'kotchipa. Zidzukulu zimabwera pa Khirisimasi, zimadya, zimapita. Njala sindigona nayo, zimenezo musadandaule nazo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti malo aja ankandiwerengera masiku. Pamsika ukapanda kuoneka, dzuwa lisanatenthe anthu afunsana kale. Amene amakuda ndiye amayamba kuzindikira kuti iwe palibe. Kuno kulibe zimenezo. M'dzinja lapitali anandigwira malungo, ndinagona masiku atatu chitseko chili chotseka, foni itazima, madzi atatha m'chikho. Ndinkamva anthu akudutsa kuseri kwa mpanda, akukambirana za mitengo ya feteleza, ena akuseka. Palibe anati odi. Woyandikana nane anati ankaganiza kuti ndapita ku Mangochi. Sindikumunena. Ndinamuuza ndekha kalekale kuti za pakhomo panga zisamamukhudze.

Ndiye inu amene mwawerenga izi, ngati njira yanu imadutsa kuseri kwa njanji ku Liwonde, pali nyumba ya mpanda wa bango, chitseko chake chobiriwira chosuluka. Mukaona dzuwa lafika paliwombo pakhonde palibe lichero, imani pampanda muitane. Musalowe, ndipo musandifunse zambiri. Ingoitanani kuti agogo a mpunga, mudikire pang'ono, pakuti mwendowu umachedwa. Ndikayankha, ngakhale mokalipa, pitani ulendo wanu. Ndikapanda kuyankha, itanani kachiwiri.